Tinakankha Njinga Mpaka Kumanda

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kuwodzera pampando kungatchedwe kugona. Unali mwezi wa Meyi, kuzizira kutayamba kuluma. Azibambo amene anachezera pasiwa anali atazungulira moto, ena atafunda zitenje za akazi awo mopanda manyazi. M'nyumba amayi a kwaya ankayimbabe motsitsa, mawu atasasa. Achimwene anga aakulu anali m'bokosi pabalaza, ndipo akazi awo, alamu anga, anakhala chakumutu kwawo.

Achimwene anali mlangizi wa zaulimi kwa zaka zambiri, kuyambira ku Ngokwe mpaka ku Machinga Boma, ndipo moyo wawo wonse unali pa njinga yamoto. Atapuma ntchito n'kubwerera kwathu kuno kwa Nsamala, tinkati apumuladi. Ayi ndithu. Anasonkhanitsa anzawo anayi, onse a imvi, n'kundikokeramo ine mng'ono wawo. Ati tipite pa njinga mpaka ku Namibia: tidutse ku Tete, tikwere mapiri a ku Zimbabwe, tilowe Botswana, kenako chipululu mpaka tikaone nyanja yamchere. Kwa zaka ziwiri tinkakumana pakhonde pawo Loweruka lililonse, mapu ali pamphasa titawapsinja ndi miyala. Tinakangana za matayala, za mapasipoti, za madzi amene munthu anganyamule, za yemwe amaliza mkonono kuti azigona patali. Tinayenera kunyamuka mu Julaye, koma matenda othamanga magazi anawagwetsa pankhokwe akukweza chimanga.

Alamu ulendowu sankaufuna n'komwe. Ankautcha misala ya nkhalamba, ndipo akabweretsa tiyi ankakhazika kapu dala pamwamba pa Botswana. N'chifukwa chake m'mawa umenewo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti tikangoika maliro, ndiwauza anzathu aja kuti ulendo watha. Sindikanatha kuliza njinga n'kudutsa pakhomo pa mayi wamasiye, kupita kumene amuna ake sanafike.

Kutacha, amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba, utsi wa nkhuni zaziwisi n'kudzaza bwalo lonse. Anthu anayamba kufika, ena pansi, ena pa ngolo, ena pa minibasi yochokera ku boma. Asodzi a ku Chiuta, Asilamu amene achimwene ankawalangiza za mpunga, anabwera ndi dengu la nsomba zouma n'kukalipereka kwa ophika mwakachetechete. Pafupifupi aliyense ankandinong'oneza funso limodzi: "Ndi ngozi ya njinga?" Ndinayankha kuti iyayi mpaka kukhosi kuuma. Kunena zoona zinandikwiyitsa, chifukwa munthuyo anakwera njinga zaka zonsezo osathyoka ngakhale chala.

Kwathu kuno pakagwa maliro timayala masamba pamsewu. Wa chipewa akafika pamenepo amavula, wa njinga amatsika n'kukankha. Adzukulu okumba manda, mwina pofuna kukuza ulemu, anakayala masambawo kutali, pamphambano yochokera ku msewu waukulu, ndipo kuchokera pamenepo ndi mchenga wokhawokha. Cha m'ma naini tinamva njinga zikulira kutali, kenako zii. Tinadikira nthawi yaitali ndithu. Mapeto ake anatulukira: amuna anayi akuluakulu ovala majekete achikopa, akukankha njinga zolemera, thukuta lili kamukamu. Amayi ena anabisa kuseka m'zitenje.

Wamkulu wa onse, amene kale anali wazaumoyo ku Ngokwe, anandigwira dzanja akupuma wefuwefu. "Malemuwa akadationa, akadati tikukankha molakwika," anatero. Zinali zoona. M'chilimwe achimwene ankatitengera ku mtsinje wouma kukatiphunzitsa kukankha njinga mumchenga, ati m'chipululu tidzawathokoza. Ndinaseka, kenako ndinalira koyamba chimwalirireni iwo.

Misa inachitikira pabwalo pansi pa mitengo ya mango. Mphepo ya mwera inkanyamula nsalu ya paguwa, mpaka akatekisi anaigwirira ndi dzanja mwambo wonse. Itatha, anzathu aja anapita kwa amalume athu, eni mbumba, kukapempha kuti aperekeze mnzawo ndi njinga. Amalume anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Kuliza iyayi. Ngati n'kukankha, kankhani," anatero. Ndikhulupirira ankaganiza kuti atopa kale ndipo aleka, pakuti manda athu ali kutsidya kwa khwawa.

Sanaleke. Wazaumoyo uja anayang'ana njinga ya achimwene imene inali pakhonde itafunditsidwa lona, kenako anayang'ana ine. Alamu anali akutuluka m'nyumba amayi awiri atawagwira mbali ndi mbali, maso ali pansi. Ndinavundukula lona n'kugwira zigwiriro. Zinali zitaperepeseka ndendende pamene pankakhala manja awo.

Patsogolo panali mtanda, kenako kwaya, kenako bokosi, azibambo akulandirana pamapewa. Ife tinali kumapeto kwenikweni, njinga zisanu pamzere, popanda ngakhale imodzi yolira. M'khwawa tayala langa lakumbuyo linatitimira, ndipo asodzi awiri a ku Chiuta anakankha nane. Pokwera chitunda ndinkangomva mawu a achimwene m'mutu akundidzudzula kuti ndikankhe ndi chiuno, osati ndi manja. Ndinawakonda munthu ameneyo, ngakhale anali wovuta kumusangalatsa.

Njinga tinazitsamiritsa pamitengo kunja kwa manda. Adzukulu anagwira ntchito yawo mwachangu, nkhata zinaikidwa, ansembe anadalitsa. Pobwerera, tikusamba m'manja pakhomo, wazaumoyo uja anandifunsa motsitsa, "Nanga za Julaye?"

"Zathera pompano, akulu," ndinatero.

Palibe anatsutsa. Anadya pang'ono, anakapepesanso kwa alamu, n'kuyambanso kukankha kulowera kumasamba kuja. Poyang'ana misana yawo ndinamva ngati taika maliro awiri tsiku limodzi.

Dzuwa likulowa pakhomo panali patatsala anthu ochepa. Mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, pamafuwa patangotsala phulusa, nkhuku zikutola zotsala pabwalo. Amayi angapo anatsalira kuti agone ndi namfedwa. Ndinali kufunditsa njinga ija pakhonde pamene alamu anaima pakhomo, mpango uli kumutu, mawu atatheratu.

"Alamu, ndamva kuti mwawabweza anzanu."

"Eya, alamu. Si bwino kuti tipite."

"Si bwino kwa ndani?" anatero. "Zaka ziwiri abale anuwo akundisowetsa mtendere. Ati kuli mchenga wofiira wotalika ngati phiri la Chikala. Ati chipululu chimathera m'nyanja yozizira. Ine ndinkati mabodza. Ndinkadikira abwere kuti tidzakangane bwino."

Anapotokola nsonga ya chitenje. Ine ndinasowa poyang'ana.

"Tsopano ndikangana ndi ndani? Pitani inu. Mukaone ndi maso anu, mudzandiuze ngati ankanama."

Analowa m'nyumba n'kukankha chitseko pang'onopang'ono. Ndinakhala pansi pakhondepo, ndinapukuta maso ndi mkono wa malaya, n'kutulutsa foni. Ndinayamba ndi wazaumoyo uja.