Jini Loyerekezera

Dyna Mpaweni anabadwira m'malaini a pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Muloza, ndipo chiyambire ubwana wake anali wamantha. Ankaopa agalu, ankaopa aphunzitsi, ankaopa ngakhale kuyankha funso lomwe akulidziwa. Mantha omwewo ndi amene anamuphunzitsa kuchita chilichonse kawiri, moti sukulu inamuyendera mpaka anapeza ntchito mu labu ina yofufuza za tiyi kwawo konko ku Mulanje. Bambo ake, a Fanuel, omwe anathyola tiyi zaka makumi awiri asanapeze kamunda kawokawo, anasiya kumutchula dzina pagulu. Ankangoti "adokotala athu", chonsecho mwanayo anali wothandizira chabe.

Mkulu wa labuyo, a Dokotala Namakhwa, anali ndi mtundu watsopano wa tiyi womwe ankati umapirira chilala chifukwa cha jini lina, kachinthu ka m'selo komwe kamalamula mmene chomera chikhalire. Dyna ankalowetsa jinilo m'maselo a tiyi, n'kuwamana madzi, n'kuyeza mphamvu yomwe likugwira nayo ntchito. Koma mphamvuyo siyezeka payokha. Umaiyerekeza ndi jini lina losasinthasintha, ngati mmene kalaliki wa pa sikelo amachotsera kulemera kwa dengu kuti adziwe kulemera kwa masamba. Jini loyerekezeralo anasankha ndi a Dokotala. "Dziko lonse limagwiritsa ntchito lomweli," anatero, Dyna n'kungoti chabwino bwana.

Zotsatira zinatuluka zokoma. Mbande zinakonzedwa ku nazale, ndipo alimi ang'onoang'ono anauzidwa kuti mvula ikayamba alandira.

Lachiwiri lina, mwa chizolowezi chake chobwereza, Dyna anayeza jini loyerekezera lija palokha, pamodzi ndi ena awiri. Awiriwo sanasunthe. La a Dokotala linkatsika ndi theka m'maselo onse omwe analowetsedwa jini latsopano. Ndiye kuti dengu ndi lomwe linkapepuka, masamba osawonjezereka. Atawerengeranso pogwiritsa ntchito majini awiri okhazikikawo, jini lotamandidwa lija silinaonetse mphamvu yapadera ngakhale pang'ono.

Anabwereza Lachitatu, anabwerezanso Lachisanu, akupemphera kuti wolakwitsa akhale iyeyo. Ayi ndithu, manambala anali omwewo. Tsono akayambira pati kuuza munthu wa msinkhu wa bambo ake, wophunzira kunja, kuti bwana mwalakwitsa? Iye, mtsikana wa m'malaini? Ankaona kale akumulozera njira ya ku geti, anzake akumuseka kuti wakula mtima. Katatu konse anafika pa chitseko cha ofesi yawo pepala lili m'manja, katatu konse anabwerera, ulendo wina n'kunamizira kuti wadzafunsa makiyi a filiji. Ankadziuza kuti mvula ili kutali, awauza Lolemba. Lolemba likafika, ankati Lolemba linalo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pamenepa Dyna analakwa, ndipo palibe chomuikira kumbuyo, ngakhale ambiri omwe angamunene akanachita zomwezo.

Patapita masabata atatu analimba mtima pang'ono, koma osati pa a Dokotala. Loweruka m'mawa anakwera kabaza wa kumudzi kuti akanong'oneze bambo ake okha asalandire mbandezo. Akali patali anaona utsi pamunda. Anatsika njingayo isanaimitsitse.

Tiyi wakale, yemwe a Fanuel anadzala Dyna ali sitandade 3, anali atazulidwa theka lonse, zitsa zili milumilu zikunyeka. Tiyi wodzala kumene amatenga zaka zitatu kapena zinayi asanayambe kuthyoledwa, ndipo banja lonse linkadya za m'munda umenewo.

"Ababa, mwatani kodi?"

A Fanuel anaika khasu pansi akumwetulira, nkhope yonse ili phulusa lokhalokha.

"Ndikukonzeratu malo, amama. Mvula isatipeze tili chigonere." Analoza minda iwiri yoyandikana nayo. "A Lenard ndi a Edna amafuna adikire kaye aone kwa ena. Ine ndawauza kuti okayika akayike, koma wayeza tiyi ameneyu ndi mwana wanga, ndipo mwana wanga salakwitsa. Amva. Lolemba nawonso ayamba kuzula."

A Fanuel anamuyang'anitsitsa, kumwetulira kuja kukuzilala.

"Nanga mukunjenjemera chiyani?"