Tsiku Limene Apongozi Anaponda Mabuleki

Pamene ndinkakwatira ku Nazombe, galimoto ya apongozi anga aamuna inali itagona kale pansi pa mtengo wa mango. Inali pikapu yamakedzana, ya magetsi ozungulira ndi mabampa achitsulo chenicheni, mtundu umene mukauona pamsewu lero mumacheuka. Eni ake ndinangowamvera mbiri, chifukwa anamwalira ine ndisanabwere kuchokera kwathu ku Ntchisi kudzagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Amati ankanyamulira nandolo ndi mpendadzuwa kupita ku Boma, ndipo panalibe banja m'mudzimo limene silinatengeredwepo wodwala pa galimotoyo. Ine ndinaipeza nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Ndikaona chitsulo chabwino chikudyedwa ndi dzimbiri, mtima umandiwawa. Za makina ndinaziphunzira mokakamizika pa njinga yamoto ya kuntchito, imene inkakonda kufera kutali ndi amakaniko. Choncho Loweruka lililonse ndinkavala kabudula wong'ambika n'kukakwawira pansi pa pikapu ija. Alamu anga ankadutsa ndi makasu paphewa n'kumandifunsa ngati ndapeza golide. Ndinkangoseka nawo, koma m'kati ndinkapsa mtima. Dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa, ndipo tsiku lina injini inatsokomola, n'kulira. Nkhuku zinabalalika mudzi wonse.

Tsoka ilo, malume a mkazi wanga, amene ndiwo mwini mbumba, anali atagwirizana kale ndi anthu ogula zitsulo zakutha, aja amayenda pa lole n'kumadula galimoto ndi moto wa gasi. Anabwera kudzaimva injiniyo manja ali kumbuyo.

"Akamwini, kulira si nkhani, ngakhale chigayo chimalira," iwo anatero. "Tapondani mabuleki tione."

Ndinaponda. Phazi linatsika mpaka pansi osakumana ndi kanthu.

"Mwaonatu. Galimoto yosaima ndi bokosi la maliro, ndipo ine sindifuna maliro pambumba yanga. Ikatsika chitunda cha kumtsinje chija n'kuima isanafike pamlatho, ndiisiya. Apo ayi, Loweruka lino a lole akubwera kudzaidula."

Ankanena zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Komanso mkamwini sakangana ndi mwini mbumba pamudzi wa eni. Ndinangoti, "Ndamva, malume."

Vuto linali pa mapaipi a rabala amene amatenga mafuta a mabuleki kuchokera pa mapaipi achitsulo kukafika ku matayala. Anali atauma n'kung'aluka ngati mphira wakale wa legeni. Alangizi sanasowe. Wina anati ndingokulunga ndi mphira wa chubu, wina anati ndithiremo madzi a sopo, akuti amagwira bwino kuposa mafuta a m'sitolo. Ndinawathokoza onse mwaulemu wa mkamwini, kenaka ndinamasula paipi imodzi, n'kuikulunga m'nyuzipepala, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Ndinalowa sitolo ndi sitolo, anyamata akundiseka kuti galimoto zotere anasiya kupanga iwo asanabadwe. Madzulo ndinawapeza mapaipiwo pansi pa katoni yafumbi. Sindinapereke kanthu ndisanayerekeze kutalika kwake ndi mazinga ake omangira ndi paipi yakale ija.

Kuika mapaipiwo ndi ntchito imene ndimainyadira mpaka lero. Ndinakweza galimoto pa jeke n'kuikhazika pa zipika, chifukwa jeke yokha siidalirika. Manati anali atagwirana ndi dzimbiri, moti ndinawanyowetsa ndi palafini n'kuwasiya agone. M'mawa mwake, lomwe linali Loweruka lomwelo, ndinawagwira ndi masipanala awiri, imodzi yogwira, ina yopotokola, pang'onopang'ono, poopa kuthyola paipi yachitsulo imene sindikanaipeza kulikonse. Nati imodzi inakana mpaka ndinasupuka chala, koma inagonja. Paipi yatsopano iliyonse ndinkayamba kuimanga mbali ya tayala ndi kawashala kake ka mkuwa, kenaka mbali inayo, ndikuyang'ana kamzere kamene kali pa rabala kuti kasapotoke. Nditamaliza ndinakhotetsa chiwongolero mpaka mapeto uku ndi uku. Panalibe paipi yokokeka kapena yokhudza tayala. Ndinakhala pansi n'kumangowayang'ana, akuda bii, ooneka bwino pakati pa zitsulo zofiira ndi dzimbiri.

Panatsala kuchotsa mpweya. Mukasintha mapaipi, mpweya umalowa m'njira ya mafuta, ndipo mabuleki sagwira mpaka utuluke. Imeneyi ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amakhala pampando n'kumaponda, wina amagona pansi n'kumatsegula kanati kakang'ono ka pa tayala, ndipo awiriwo ayenera kumakuwirana. Mkazi wanga, amene ndinkamudalira, anali atanyamuka m'bandakucha pa kabaza kukadikirira mng'ono wake kuchipatala ku Boma. Alamu anga onse anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kumunda, poti palibe ankafuna kuoneka akutsutsana ndi malume. Ndinayesa kupanikiza chopondera ndi mtengo, koma mpweya unkabwereranso. Ndinagona chagada pansi pa galimoto, dzuwa likukwera, ndikutukwana chamumtima.

Pakhomo panatsala munthu mmodzi, apongozi anga aakazi. Kwathu nakonso mkamwini amapewa apongozi, koma a kunoku mwambowu anaugwira ndi manja awiri. Chikwatirire changa tinali tisanayankhulane maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'chimanga. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ngakhale ine nditakhala pomwepo. Pa nkhani ya galimotoyi sanatulutse mawu ngakhale amodzi, ndipo ndinkaganiza kuti ali mbali ya mchimwene wawo.

Ndili chigonere, ndinaona mapazi a munthu wamkulu ndi m'mphepete mwa chitenje zikuyandikira. Chitseko chinalira, galimoto inatsika pang'ono. Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi chifukwa cha kabudula uja. Kenaka ndinamva mawu awo, Chichewa chawo chokokera ku Chilomwe.

"Galimoto iwe, uwauze ali pansi pakowo kuti ntchito imeneyi ndinkaigwira ndine. Anene poti ndiponde."

Ndinakonza kukhosi n'kuyankha.

"Galimoto, uwauze apope pang'onopang'ono, kenaka agwire osasiya."

"Galimoto, ndagwira. Koma uwafunse, ali tayala liti? Bambo ako ankayambira lakumbuyo, lakutali ndi chiwongolero."

"Galimoto, uwauze ndili pomwepo."

"Eya," anatero, ndipo mtima wanga unakhala m'malo.

Ndinatsegula kanati kaja. Munatuluka thovu ndi mafuta akuda, phazi lawo linatsika, ine n'kutseka. Tinabwereza, tinabwerezanso, galimoto ikutitumikira mokhulupirika. Ankaponda mwaluso, osathamanga, osasiya ndisananene. Ndikatuluka kukawonjezera mafuta kutsogolo, iwo ankayang'ana kumbali, kuphiri la Michesi, ine ndikubisala kuseri kwa boneti. Tili pa tayala lomaliza thovu linachuluka, ndipo m'changu changa ndinaiwala mkhalapakati wathu n'kukuwa kuti, "Gwirani pomwepo, musasiye!"

Ndinatchera khutu kuti ndimve ngati atsika.

"Galimoto," iwo anatero patapita kanthawi, mawu akunjenjemera ndi chiseko chobisa, "wamva wekha mmene amakalipira anthu a bomawa."

Phazi sanalichotse. Mafuta anatuluka oyera opanda thovu, ndinamanga kanati, ndipo ndinawamva akuponda n'kunena motsitsa, ngati akuyankhula ndi munthu wodwala amene wadzuka, kuti, "Walimba tsopano."

Lole inafika ndikutsitsa jeke, malume ali kutsogolo, anyamata a gasi ali kumbuyo ndi mabotolo awo. Alamu anga nawo anatulukira, ntchito ya kumunda itatha mwadzidzidzi monga inayambira. Ndinasamba m'manja, n'kuvala thalauza, n'kudikira kuti apongozi atsike. Sanatsike. Anangosendera kumpando winawo n'kukonza mpango wawo.

Malume anawayankhula m'Chilomwe, mawu okwera. Sindinamve zonse, koma ndinamva kuti akuwauza atsike, kuti n'zochititsa manyazi, kuti akafera kumtsinje. Iwo anayankha mawu ochepa n'kutseka chitseko. Anthu onse anayang'ana ine.

Ndinalowa. Sindinakhalepo pafupi chotero ndi mayi amene anandiberekera mkazi, ndipo ndinadzipanikiza kuchitseko ngati ndaba. Apa m'pamene mantha anandigwira. Poyamba ndinkaopera galimoto, tsopano moyo wa munthu unali pa manati amene ndinamanga ndi manja anga. Ndinawakumbukira onse, imodziimodzi, ndipo panalibe imene ndinaikayikira. Ndinaliza injini.

Chitunda chija n'chachitali, chamiyala, ndipo kumunsi kwake kuli kamlatho kamatabwa kopanda zotchinga. Pikapu itamva kutsetsereka inayamba kuthamanga ngati yakumbukira unyamata wake, zitsulo zonse zikulira. Ndinaisiya dala ifike pakati, kuti pasadzakhale wonena kuti inaima chifukwa inkayenda pang'onopang'ono. Apongozi anagwira kutsogolo ndi dzanja limodzi. Ndinaponda. Chopondera chinandikankha phazi, matayala onse anagwira pamodzi, ndipo galimoto inaima mowongoka, osakokera kumanzere kapena kumanja. Fumbi linatipitirira n'kukafika pamlatho lokha.

Tinakhala momwemo osayang'anana mpaka anthu anatipeza, malume akupuma wefuwefu. Anazungulira galimoto, anasuzumira pansi kufuna dontho la mafuta, osalipeza. Asanatsegule pakamwa, apongozi anatsitsa galasi. Ulendo uno anayankhula m'Chichewa, ndipo ndikudziwa kuti anachitira dala kuti ine ndimve.

"Achimwene, auzeni a lole aja azipita. Mwana wanga wakonza galimoto ya bambo ake."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Ndaitanidwapo alangizi, ndaitanidwapo abwana, ndipo pamudzi paja ndinali nditazolowera kungokhala akamwini. Palibe dzina limene ndimalinyadira ngati limene ndinapatsidwa tsiku lija pamaso pa mbumba yonse, mafuta a mabuleki ali m'zikhadabo.