Rozimere wanga wafa ndi kukhuta

Sabata ino ndaika maliro a kamtengo. Musaseke, anzanga.

Akazi anga, amake Tisa, adabwera ndi tinthambi ta rozimere, kachitsamba konunkhira kaja kamasamba ngati singano, komwe amathira mu nkhuku. Adathyola pakhomo pa malemu akulu awo ku Chalimbana. Pulotiyo idagulitsidwa, ndipo wogula adathira simenti bwalo lonse. Ndiye kuti zobzala zonse za malemuwo zidatsalira m'tinthambi timeneti.

Tidagawana. Ine, mlimi wachimanga kuyambira ndili ndi mano onse, ndidakatenga dothi lakuda kudambo, n'kusakaniza ndi manyowa a ng'ombe za ku Palabana. Madzi m'mawa, madzi madzulo, ngati repu. Ba Mwansa, aneba athu ogwira ntchito ku Lusaka, adapempha kamodzi n'kukabzala m'dothi la pachulu.

Amake Tisa adatola chitini chobooka, n'kuthiramo mchenga wotsala kwa omanga, dothi pang'ono ndi zinyenyeswa za makala.

"Mufuna kubzala kapena kuumba mabuloko?" ndidawafunsa.

"Nikumbukira pamene mtengowu unali kwa akulu anga," adatero. "Panali pamiyala, ndipo sanali kuthirira kawirikawiri."

Ka ba Mwansa kadauma msanga, dothi litalimba ngati njerwa. Kanga kadayamba kuda kutsinde. Ndidati ndi njala, n'kuwonjezera manyowa. Lachiwiri ndidakazula: mizu yowola, fungo ngati la kudambo.

Amake Tisa sadandinyoze. Adangokhala pansi n'kuyang'ana chitini chawo nthawi yaitali. Ine ndidasowa poika maso.

Vuto lathu alimi achimanga ndi limeneli: timayesa kuti chilichonse chobiriwira chimadya ngati chimanga. Kodi sitichita zomwezo kwa adzukulu? Mwana wakhuta, ife tikuti "malizitsa." Wakula mpaka ndevu, ife tikumunyamulirabe chikwama kukakwera minibasi. Tikamuona wafota, timawonjezera manyowa. Ndani adatiuza kuti kukonda n'kuthirira basi?

Dzulo m'chitini muja mwatuluka timasamba tatsopano, tanthete. Ndidathamangira ndowa kuti nanenso ndithandizeko.

"Atate ake Tisa, ikani pansi. Nzeru zanu za chimanga apa sizigwira, tsabola wakale sawawa."

Ndidaika pansi. Lero m'mawa tiyi wabwera ndi shuga wongolawitsa. Nditadandaula, adandiyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kukaima pamimba.

"Na imwe nayamba kukuikani mumchenga," adatero. "Nifuna mukhalitse."