Batani la mayi ake Tiya

Usiku wathawu ndinalota maloto amene mpaka pano akundizungulirabe m'mutu, ndiye ndati ndikuponyereni kuno anzanga, mwina pakati panu pali wodziwa kumasulira.

Koma ndiyambe ndakuuzani mmene zinthu zilili kwathu, apo ayi simumva. Ine ndi mkazi wanga Mphatso timapanga mawebusayiti, awiriwiri, pa tebulo lomwe timadyerapoli. Ine ndimalemba khodi, malangizo amene kompyuta imatsatira, iye ndiye mwini seva, kompyuta yakutali ija imene mawebusayiti a makasitomala athu amakhalamo. Pa nkhani ya seva mkazi ameneyu ndi katakwe, ine ndimangotsatira pambuyo n'kumavomereza. Koma chibadwire Tiya, mwana wathu woyamba, Mphatso wakhala akutayipa ndi dzanja limodzi, chifukwa kamtsikana aka kukaika pansi ndiye waputa nkhondo. Posachedwapa anandiuza modekha kuti watopa, ntchito ya sevayi aisiya, tipeze munthu wina. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndikudziwa mmene amaikondera.

Ndiye ine a Nzeruzayekha ndinadzitsekera kuchipinda china n'kuyamba kumupangira ekisitenshoni, kapulogalamu kophatikiza mu edita, momwe timalemberamo khodi. Maganizo anga anali oti zonse zimene amatayipa motalika zija, kuyesa khodi, kuitumiza ku seva, kuidzutsanso sevayo, azingodina batani limodzi basi. Masiku onsewa ndakhala ndili pa zimenezi, chakudya n'kumadyera komweko.

Tsono m'malotomo ndinali m'kati mwa edita yeniyeniyo. Inali nyumba yathu yomwe ino ya ku Area 25, koma makoma ali bii ngati sikirini, ndipo mizere ya khodi inali itayanikidwa pa chingwe pakati pa matewera, ina yobiriwira, ina yachikasu, yopanidwa bwinobwino ndi mapegi. Sindinadabwe ayi. Ndinangoona kuti mzere wina sunaume n'kuutembenuza.

Mphatso anali ataima pansi pa chingwecho, Tiya ali kudzanja lamanzere, lamanjali akuanula mizere ija umodziumodzi n'kumaponya m'beseni. Seva inali tsidya lina la msewu, ndipo inali chigayo. Inde, chigayo, chautsi wake ndi phokoso lake, koma ine ndinkadziwa ndithu kuti imeneyi ndi seva yathu. Mawebusayiti athu anali atandanda pamzere panja pake kudikira. Ya sukulu ina ya mkaka inali itavala yunifomu, ya loji ina itasenza pilo pamutu, ndipo ya ogulitsa anapiye inkangokanda pansi.

Nditaona kuti Mphatso akulimbana kuti anyamule beseni ndi dzanja limodzi, chifundo chinandigwira.

"Musavutike mayi ake Tiya, ndikubwera ndi batani," ndinatero.

Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino."

Kenako ndinapezeka ndili kwa okhoma zidebe ndi mbaula, ndavula shati, ndikusula batani ndi nyundo. Linatuluka lalikulu ngati chivundikiro cha poto. Ndinathamanga nalo kunyumba, n'kulidina, ndiye mizere yonse ija inangodzichotsa yokha pa chingwe, kuuluka kuwoloka msewu, kukalowa m'chigayo. Abale, ndinathyola dansi. Mphatso anamwetulira pang'ono n'kuti zikomo, zili bwino. Apo m'pamene ndinaona kuti Tiya wamera mano, koma sindinalabadire, chifukwa maso anga anali pa batani. Ndinali nditazindikira kuti limalimba, pamafunika zala ziwiri kuti lidinike, ndipo zimenezi zinandinyansa.

Ndiye ndinabwereranso kokhoma kuja. Ulendo uno ndinapanga lofewa, loti ngakhale ndi chala cha kuphazi litheka. Ndikufika nalo kunyumba, Tiya anali atavala nsapato za kusukulu, miyendo ikukhudza pansi, koma akadali pa dzanja lomwe lija la mayi ake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa Mphatso.

"Amama, ankolo awa abwera kudzakonza chiyani?"

Mtima unandipweteka, sindikubisirani. Koma mukudziwa mmene munthu umaganizira m'maloto. Ndinangodziuza kuti palibe vuto, ndipanga batani lina loti mwanayu azindidziwa, ndipo ndinathamanganso.

Kuchokera apo sindikumbuka kuti ndinapita kangati. Ndinapanga batani lotumiza khodi, lobweza khodi ikalakwika, lofunsa seva ngati yadzuka bwanji, lina lodinidwa ndi chigongono, lina longoliyang'ana basi. Ena ndinkawanyamula m'manja, ena kukhwapa, ena ankagwa n'kumagubuduzika pabwalo. Ulendo uliwonse Mphatso ankati zikomo, zili bwino, koma mawu ake ankacheperachepera, mpaka ndinkangoona milomo ikugwedezeka.

Kenako chigayo chija chinatsokomola n'kungoti zii. Seva yagwa. Zilembo zofiira zosonyeza kuti zinthu zalakwika zinayamba kutuluka pa zenera lake ngati ngumbi mvula ikakata, kudzaza msewu wonse, kutera m'tsitsi, kulowa m'makutu. Mawebusayiti aja nkhope zawo zinafufutika, kungotsala poyera mbee, ndipo onse anatembenukira kwathu. Amene munaonapo tsamba la kasitomala litayera chonchi mukudziwa zimene ndikunena.

Ndinayamba kudina mabatani anga, ili, ilo, linalo, ndi zala, ndi chibwano, ndi bondo. Palibe chinachitika. Ndipo m'malotomo ndinkadziwa chifukwa chake: batani limangochita zimene unaliuza kale, pomwe vuto ili linali lachilendo, lofuna munthu alowe m'kati mwenimweni akaone ndi maso ake. Munthu wake analipo mmodzi yekha.

Nditacheuka ndinaona Mphatso akuyang'ana chigayocho, maso akuwala. Kayang'anidwe kameneka ndimakadziwa ine, n'kamene kanandigwetsa m'chikondi kalekale, pamene ena onse akuthawa vuto iye n'kumalimwetulira. Tiya anali atabwereranso kukhala khanda. Mphatso anayang'ana uku ndi uku kufuna pomugoneka, koma pansi ponse panali mabatani anga okhaokha, pampando mabatani, m'beseni mabatani. Ine ndinamuyandikira, manja atadzaza mpaka pachibwano.

"Tayesani ili, ili ndi latsopano, ndangolimaliza kumene."

Sanakalipe ayi. Anandiyang'ana mwachifundo, mmene amandiyang'anira ndikavala juzi chobwerera.

"Bambo ake Tiya, taikani pansi zimenezo. Dzanja langa silinaduke ayi, lili pansi pa mwana wanu."

Ndiye ndinangotambasula manja, mabatani onse n'kukhuthukira pansi, phokoso lake ngati kabati ya mbale yagwa. Mphatso anandipatsa Tiya. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, wofunda, akununkhira mkaka ndi pauda, ndipo nthawi yomweyo anandigwira khutu n'kulikakamira. Sanalire. Anangondiyang'anitsitsa ngati akuyesa kukumbuka kumene tinaonana.

Mphatso anawongola dzanja lamanzere lija pang'onopang'ono, zala n'kulira thethethe, kenako tinali kale tsidya lina la msewu, iye atagwada pambali pa chigayo pomwe panatulukira kiyibodi. Anayamba kutayipa ndi manja onse awiri. Anzanga, ndinali nditaiwala liwiro la mkazi ameneyu. Kiyibodi inkalira ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya, zilembo zofiira zija zikubwerera zokha kumene zinachokera, ndipo iye anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kuja kumene sindinakumve kwa nthawi yaitali. Ine nditaima pambuyo pake, mwana ali pachifuwa, misozi inalengeza. Ndinafuna kumuuza kuti chonde usaisiye ntchitoyi, ndi yako imeneyi. Nditangoti nditsegule pakamwa, Tiya anandilowetsa kachibakera kake konse m'kamwamo.

Basi n'kudzidzimuka.

Kunja kunali kutayera kale. Tsaya langa linali pa kiyibodi, khosi litauma gwa, ndipo mu edita munali mutadzaza chilembo chimodzi chokhachokha mpaka pansi. Kuchipinda kwathu Tiya ankalira, Mphatso akumutonthoza motsitsa mawu. Ndinadzuka, kukalowa, n'kumutenga mwanayo. Mphatso anandiyang'ana modabwa.

"Kwagwanji?"

"Palibe. Ndangomusowa."

Anasisita phewa lake. Kenako anasamba mosathamanga, anamwa tiyi wake akadali wotentha, n'kutenga laputopu kukakhala nayo pakhonde. Za kusiya ntchito sanatchule, za kupitiriza sanatchulenso, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa. Maloto amenewa sindinamuuze, ndikuopa kuti andiseka mpaka chaka chitha.

Ndiye tandithandizani, akumasulira maloto. Seva kusanduka chigayo ndiye kuti chiyani? Nanga mwana wako yemwe kukutchula ankolo, kuli bwino kumeneko? Osandiuza za ufiti chonde, palibe mfiti ingataye nthawi yake pa khodi yanga. Komanso inu anzanga olemba mapulogalamu, ekisitenshoni ija ndiimalize kapena ndiisiye kaye? Yatsala pang'ono, ndipo kunena zoona ndi yokongola.

Lembani m'munsimu, ndiwerenga zonse. Koma ndikachedwa kuyankha musadandaule. Tiya wagona pa dzanja langa lamanzere, zonsezi ndatayipa ndi lamanja lokha, ndipo abale inu, phewa likuwawa zedi. Sindikudziwa kuti mayi ake anapirira bwanji osandigenda ndi laputopu.