Kalata ya Alamu Anga Yochokera ku Mtengowanthenga

Tinanyamuka ku Msakambewa Lachiwiri, 6 koloko m'mawa, ine ndi alamu anga a Yohane, mchimwene wa malemu mkazi wanga. Mpingo unali utawaimitsa mgonero. Mlandu wake: kudzandira pamsewu, lilime kulemera powerenga Mawu, kugwetsa mbale ya chopereka. Akulu ampingo anzanga anati ndi kachasu. Ine ndinapempha kuti tiyambe tamva adokotala.

Wakabaza anatitenga tonse awiri pa njinga yamoto imodzi, K4,000 mpaka pa Dowa boma. Potsika, alamu anapepesuka nakakumbatira mtengo wa magetsi.

"Madala, m'mawa uno mwayamba kale?" anatero kondakitala wa minibasi. "Mwaupeza kuti wotere? Tiuzeniko."

"Uwu ndi waulere, mwanawe," alamu anayankha, mawu akukokeka.

Anatikhazika kumbuyo, pambali pa thumba la mtedza ndi nkhuku ziwiri. Mayi wina ananunkhiza alamu mosabisa, nakhumudwa posamva fungo. Titafika pamsewu waukulu tinagula zitumbuwa. Chimodzi chinawapulumuka m'manja.

Pa Mtengowanthenga tinalowa kwa adokotala dzuwa lili pamutu. Anawayendetsa pamzere wa simenti, chidendene kutsogolo kwa chala. Analephera. Anati agwire mphuno ndi chala, chinakafika patsaya.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha. Ndinayamba ndi kupunthwa pabwalo posesedwa."

"Kwanu alipo wina ankayenda chonchi?"

Alamu anati, "Bambo anga. Koma iwo ankati ndi mowa."

"Munawaonapo akumwa?"

"Ayi."

Adokotala anati akuganizira matenda osapezekapezeka, akumtundu, amene amafooketsa pang'onopang'ono mbali ya ubongo yowongolera kayendedwe. Anatiuza kuti tidzapite ku Lilongwe kukajambulitsa mutu, ndipo sanabise kuti mankhwala ochiziratu palibe. Ine ndinaganiza za ana anga, adzukulu a bambo omwewo.

Alamu anangoti, "Adokotala, lembani kuti si mowa. Zilembo zikuluzikulu, abusa athu saona bwino. Mudinde kawiri."

Pobwerera kalatayo anaiika m'Baibulo langa, poopa kuti aigwetsa. Tinafika kumudzi ng'ombe zikulowa m'khola, koma anati tidzere kumanda. Apongozi anga aja, bambo awo a alamu, tinawaika popanda nyimbo, popanda mbusa, poti ankati ndi chidakwa, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene anavomereza zimenezo. Alamu anatsamira paphewa langa, natulutsa kalata ija m'Baibulo, naitambasula.

Anandipatsa nati, "Alamu, werengani mokweza. Lamulungu abusa adzamva. Lero ayambe amva awa."