Maliro a Bambo Anatuluka Opanda Nyimbo

Mwezi wa Julaye ku Ledig, dera la migodi ku Joni, unkanunkha parafini ndi malasha a pambaula, ndipo m'kanyumba kathu kamalata munkamvekanso fungo la mankhwala amene amayi ankapaka bambo pachifuwa. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali atasiya ntchito ya mumgodi chifukwa cha chifuwacho, maso nawonso atayamba kuchita nkhungu, ndiye Baibulo ndinkawawerengera ndine ndikamaliza kutunga madzi ndi kukolopa.

Amalawife tinkapemphera m'galaja ya a Nyirenda, mkulu wa mpingo. Lamulungu lina nditawerenga mawu a mneneri Yesaya onena za mwana wodzabadwa, bambo anautsa mkangano. Iwo ankati Mesiya ndi wotumidwa, ndipo wotumidwa sangakhale yemwe wamutuma uja. A Nyirenda ankati mneneri wamutchula yekha kuti Mulungu, nanga munthu wa fosholo n'kuwongola mneneri? Anthu akuluakulu, a imvi zawo, kulozana zala ngati pasiteji ya minibasi. Ine ndiye ndinali pakati, uyu werenga apa, uyo werenga apo, mpaka masamba anada ndi zala zanga. Bambo nawo anali aliuma, ndisabise. Patatha masabata atatu anawadula mumpingo.

Chifuwa chitakula, amayi anandituma kwa a Nyirenda kukapempha kuti adzawapempherere. Ndinagwada pakhomo pawo, mawondo pasimenti yozizira. Anati abwera, koma bambo ayambe avomera pamaso pa anthu kuti Mesiya ndi Mulungu. Nditakafotokoza kunyumba, bambo anatsokomola nthawi yaitali, kenako n'kundigwira dzanja.

"Ukawauze kuti sindinganene zimene mtima wanga sunavomere. Ndatsala pang'ono kukamufunsa mwiniwake."

Anamwalira Lachinayi. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, ndipo kwathu maliro a Mkhristu satuluka m'nyumba chete, amayi a mpingo amaimba mpaka bokosi litakwera galimoto. Ngakhale ku Joni kuno mwambowu tinkausunga. Koma m'mawa umene thupi linkanyamuka kupita kumudzi, wa mpingo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Amayi ena ndinawaona akusuzumira kuseri kwa mpanda, zitenje zili m'chiuno, kuopa kudulidwa nawonso. Bokosi ananyamula ndi anyamata achisilamu a ku Mangochi amene tinkatunga nawo madzi pampopi umodzi. Amayi anayamba nyimbo okha, mawu n'kuwathera pakhosi. Ine ndinayesa kupolokoza, koma nyimbo za maliro ndinali ndisanaziphunzire.

Lero ndine munthu wamkulu, aneneri ndawawerenga ndekha popanda wondilozera, ndipo ndimakhulupirira zimene ankanena a Nyirenda, kuti Mesiya ndi Mulungu. Apa mpamene mtima umandiwawira kwambiri. Ngati Mulunguyo anasiya kumwamba n'kudzakhala pakati pa anthu ochimwa, a Nyirenda chinawaletsa n'chiyani kudutsa nyumba zinayi zokha kufika kwathu? Sindinawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndikuyesa.