Chikwama cha Mfuti ya Malcolm

Mayi Judith Mvula atha zaka makumi awiri ndi ziwiri akusamala makolo a eni ake pa nyumba ina yosungirako okalamba ku North York, m'dziko la Canada. Ndi namwino wophunzira bwino, mapepala a ku Zambia ndi a kuno ali pakhoma, koma ntchito yeniyeni ndi ya msana: kudzutsa, kutembenuza, kumwetsa mankhwala gogo amene akukutukwana poganiza kuti ndiwe udamulanda mwamuna. Akaweruka masana amakwera basi choimirira, ndipo akafika pa fulati yawo ya pa nsanjika ya 14 amavula nsapato chitseko chisanatsekeke. Amuna awo, a Webster, adamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana ndi mmodzi yekha, Malcolm, wa zaka 27, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Hamilton. Pa nthawi imene tikunenayi, Malcolm anali atatha miyezi inayi osaponda pakhomo pa amake.

Tisabise, wolakwa anali mayiyo. Lamlungu lina mu Okutobala Malcolm adabwera kudzadya monga mwa chizolowezi, nasiya chikwama chake cha kumsana pampando. Amake, amene sangaone chikwama cha mwana osafuna kuchapa zili m'katimo, adapisa dzanja nakhudza chitsulo chozizira chokulungidwa m'sikipa yonunkha thukuta. Inali mfuti ya m'manja, yakuda, yolemera, yofanana ndi ya apolisi. Sadafunse kanthu. Adaitsekera m'sutikesi ya malemu amuna awo, nalowa m'bafa kukaimbira foni mkulu wa mpingo, ndipo pasanathe maola awiri pabalaza panali madoda anayi ndi akazi awo. Kwathu mwana akalowerera salangizidwa ndi kholo lokha, amamuitanira anthu. Malcolm adakhazikidwa pakati, adalangizidwa, adapemphereredwa, wina mpaka adamugwira pamutu. Iye ankangobwereza kuti ndi ya masewera, imaponya timikanda ta pulasitiki, koma akulu akafika pa pemphero lachitatu samvanso za timikanda. Atatopa adanyamuka, natenga chikwama chopanda mfuticho.

"Amai, you didn't even ask me," adatero ali pakhomo.

Kuyambira tsikulo foni yake inkayankha mawu awiri okha, oti ndatanganidwa. Pa Khirisimasi adatumiza maluwa.

Amene adawatsegula maso ndi Zuleikha, mnzawo wa kuntchito wochokera ku Nkhotakota. Atamva nkhaniyo pa nthawi ya tiyi, adaseka mpaka kugwira tebulo, kenaka adatulutsa foni nawaonetsa kanema.

"Ndi airsoft imeneyo, achemwali. Alamu anga amasewera, munthu wa ndevu zake ndi ana atatu. Amalipira pageti, amavala magalasi, amathamangitsana tsiku lonse, madzulo n'kukadyera pamodzi. Ndiye inu munaitanira mpingo?"

Mayi Mvula adaonera kanemayo kawiri, manyazi atawagwira mpaka m'makutu. Anali anthu akuluakulu ndithu, ena a mimba zawo, akubisala kuseri kwa matabwa ngati ana a chibisalirano. Koma maso a kholo amaona zina. Aliyense m'kanemamo anali ndi kachikwama pa lamba, m'mene mfuti ya m'manja inkakhala bwinobwino, pomwe wawo ankakulunga yake m'sikipa ngati alibe kwawo.

Kholo la kwathu silipepesa mwana ndi pakamwa. Limapha nkhuku, kapena limabwera ndi nsapato zatsopano n'kuziika pabedi, ndipo mwana wanzeru amadziwa kuti mlandu watha. Mayi Mvula mawu oti pepa kwa Malcolm sakadawatulutsa ngakhale atawakoka ndi pulayala. Choncho adaganiza zomugulira chikwama cha pa lamba chija, n'kumubwezera mfuti yake ili m'menemo. Ankachita mantha, ndipo ankadziwa chimene ankaopa: mwanayo akakana mphatsoyo, ndiye kuti m'dziko lino atsala okha, kudikira tsiku lodzatembenuzidwa ndi mwana wa munthu wina.

Kukwera nayo basi mfutiyo sakadayerekeza. Adakumbuka mmene bambo awo ankagulira nsapato ku Chipata ana atatsala kumudzi ku Katete: ankayeza phazi ndi chingwe, n'kumanga mfundo, ndipo nsapato zinkabwera zokwana, kapena zotsala pang'ono kukwana. Adatseka makatani, ngati kuti pa nsanjika ya 14 pali wosuzumira, navala magolovesi a kuntchito, natulutsa chinthucho m'sutikesi. Mfundo yoyamba inali ya kutalika, yachiwiri ya chogwirira, yachitatu ya kunenepa kwake. Chingwecho adachipinda nachiika m'Baibulo.

Sitolo ya zinthu zimenezi inali ku Brampton, pakati pa nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Pa tsiku lawo lopuma, loti akadagona miyendo ili pa pilo, adakwera sitima ya pansi, basi, basi inanso, kenaka adayenda m'matope a chipale chosungunuka mpaka masokosi adanyowa. M'sitolomo makoma onse anali mfuti zokhazokha, moti adayamba aima kaye pakhomo kuti mtima ukhale pansi. Wogulitsa anali bambo wa ndevu zaimvi, dzina lake Edwin litalembedwa pachifuwa. Adawafunsa m'Chingerezi kuti mfutiyo ndi ya mtundu wanji, ndipo iwo adayala chingwe pakauntala, mfundo zitatu zili poyera.

Edwin sadaseke, ndipo pa chimenecho Mulungu amudalitse. Adachiyang'ana chingwecho nthawi yaitali, kenaka adatsitsa zikwama ziwiri. China chinali cha nsalu yolimba, cha timalamba tomangitsa. Adati chimenecho chimalowa mfuti iliyonse, koma imagwedera, ndipo munthu akathamanga kapena kukwawa imatha kugwa osadziwa. Chinacho chinali cha pulasitiki youma, choumbidwira mtundu umodzi wokha. Chimagwira mfuti pafupi ndi chokhethemulira, ndipo siituluka mpaka mwini wake atadina batani ndi chala. Koma kuti apeze choyenera ankafunika dzina ndi nambala zolembedwa m'mbali mwa mfutiyo, komanso kudziwa ngati ili ndi katochi kunsi. Zimenezo chingwe sichikadanena.

"Tengani cha nsaluchi, mayi, simulakwitsa," adatero.

"Sindinakwere mabasi onsewa kudzagula cha aliyense," adayankha Mayi Mvula, akupinda chingwe chawo.

Adabwerera chimanjamanja. M'basi adagona, napitirira potsikira, ndipo adafika kunyumba mawondo akulira. Mlungu wonsewo adagwira ntchito ya anthu awiri chifukwa mnzawo wina adadwala. Tsiku lopuma litakwananso adanyamuka ulendo womwewo, pano ali ndi zithunzi zisanu m'foni, komanso chojambula cha mfutiyo chimene adalemba poizunguliza ndi bolopeni kuseri kwa kalendala, poti foni sankaikhulupirira kwenikweni. Edwin adawerenga nambala, nalowa kuseri, nabwera ndi chikwama chakuda ndi mfuti ya m'sitolo yofanana ndi ya Malcolm. Adailowetsa, ndipo idalira kuti khe. Adachizondotsa nachigwedeza, mfuti osagwa. Mayi Mvula adamva kukoma koyamba m'miyezi inayi.

"Funso lomaliza," adatero Edwin. "Amawombera dzanja liti? Chikwamachi chilipo cha kumanja ndi cha kumanzere, ndipo sizisinthana."

"Lamanja," adayankha msanga, mawu atauma pang'ono, ngati afunsidwa ngati mwana wawo amasamba.

Funsolo lidawakhudza penapake. Malcolm adabadwa wamanzere. Ali ndi zaka ziwiri ku Lusaka ankatola chilichonse ndi dzanja limenelo, ndipo apongozi awo adanena pamaso pa alendo kuti mwana wopatsira akulu ndi manzere amaonetsa mmene alili amake. Mayi Mvula adagwira ntchito. Pa nthawi ya chakudya ankamuveka sokosi ku dzanja lamanzere, akalivula ankamumenya pa zala ndi sipuni, akapereka chinthu ndi dzanjalo ankangomuyang'ana osalandira mpaka asinthe. Mwana adalira, adazolowera. Pofika ku Canada ali ndi zaka zisanu, ankadya, kulemba ndi kupereka moni ndi lamanja ngati mwana wa anthu. Pa zinthu zochepa zimene ankadzitama nazo kuti adazichita bwino m'moyo, chimenecho chinali chimodzi.

Edwin adakulunga cha kumanja. Adawachenjezanso kuti chikwamacho n'chovala pabwalo la masewera pokha, ndipo mfuti poyenda izikhala m'bokosi lotseka, asaitulutse m'sitima ngakhale kungoisuzumira. Iwo adangogwedeza mutu. Mayi wa mnyamata wakuda safunika kuuzidwa zimene zingachitike wapolisi akaona chinthu chotere m'manja mwa mwana wake, ndipo n'zomwezo zidawathamangitsira ku bafa ndi foni tsiku lija.

Loweruka m'mawa adalembera Malcolm uthenga wa liwu limodzi, woti ndikubwera. Sadapemphe, poopa kuuzidwa kuti watanganidwa. Mfuti adaiika m'bokosi la nsapato, bokosilo m'chitenje, chitenjecho pansi pa chikwama cha kumsika, pamwamba n'kuikapo mabanzi. Ulendo wonse wa sitima ya ku Hamilton adachifungatira pamiyendo, akutuluka thukuta m'nyengo yozizira.

Malcolm adatsegula chitseko atavala kabudula. Anali ataonda pang'ono, kapena ndi maso a amake chabe.

"Muli bwanji, Amai?"

"Ndili bwino, kaya iwe? Ukudya koma?"

"Nikudya."

Mayi Mvula adakhala pansi, napumira kaye, kenaka adamasula chitenje nampatsa bokosi ndi phukusi la kwa Edwin. Iye adalandira ndi manja awiri atawerama pang'ono, monga adaphunzitsidwira. Adatsegula bokosilo, naona mfuti yake. Atatsegula phukusilo adatulutsa chikwamacho, nachitembenuzatembenuza. Adalowetsa mfuti, ndipo idalira kuti khe.

"How did you know the model?"

Adamufotokozera za chingwe, za Edwin, za kalendala, za maulendo awiri a ku Brampton. Pa chingwepo Malcolm adaseka mpaka misozi, kuseka kwa bambo ake kwenikweni, ndipo mayiyo adadziwa kuti nsapato zalandiridwa.

"Tavala tione," adatero amake.

Malcolm adatenga lamba, nalowetsa chikwamacho, ndipo chidakhala pa chiuno cha kumanja. Adaima pakati pa chipinda kuti awaonetse mmene amasololera. Dzanja limene lidayamba kuyenda linali lamanzere. Lidafika pa chiuno chopanda kanthu, lidaima, lidabwerera. Kenaka lamanja lidapita, chala chikufufuza batani ngati mlendo akusaka poyatsira magetsi. Adayesanso, ndipo zidachitika chimodzimodzi.

Mayi Mvula adayang'ana m'chipindamo. Mausi ya kompyuta inali kumanzere. Kapu ya khofi patebulo chogwirira chake chidaloza kumanzere. Wotchi inali pa mkono wamanja, ndipo zaka zonsezi iwo ankayesa ndi fasho ya anyamata a kuno.

"Malcolm, umawombera dzanja liti?"

Adayang'ana pansi. "Left."

"Kuyambira liti?"

"Always, Mum. Nimalemba na right. Kudya nimadya na right mukakhalapo. Vinangu vonse ni left." Adaona nkhope yawo, nafulumira kuwonjeza. "It's fine. Ni chabwino maningi. Nizaphunzira."

Mawu omalizawo ndi amene adawapweteka. Bambo wa zaka 27, wa nyumba yake ndi ntchito yake, anali wokonzeka kuvalanso sokosi kuti amake asakhumudwe. Ndiye kuti Lamlungu lililonse la moyo wake, pa tebulo lawo, mwanayu ankadya ngati ali kwa eni ake. Adamva kutopa kumene sikuchokera m'mawondo.

"Vula," adatero mayiyo. "Bweretsa kuno."

"Amai, don't be angry."

"Sindinakwiye. Waphunzira zokwanira. Ndikasinthitsa, cha kumanzere chilipo, anandiuza."

Adachibwezera m'pepala lake, nayamba kufufuza lisiti m'Baibulo, m'mutu akuwerenga mabasi: sitima ya pansi, basi, basi inanso, matope aja, ndipo tsiku lopuma linali kutali mpaka Lachinayi. Malcolm adawayang'ana akuvutika ndi zipi ya chikwama cha kumsika chija.

"Musakwere basi futi. Nizabwera na motoka pa Sunday, tiyende tonse ku Brampton after church." Adakanda m'mutu. "After your church. Ine nizakuyembekezani panja."

"Panja pomwepo," adavomera. Za mpingo adaona kuti azisiye kaye.

Malcolm adalowa kukhitchini kukawaphikira tiyi. Iwo adavula nsapato zawo zonyowa, natambasula miyendo pa kapeti, natseka maso pang'ono. Atawatsegula adamuona akutuluka, kapu ili ku dzanja lamanzere. Atatsala mapazi awiri kuti awafike adaima, nayamba kuisamutsira ku lamanja, mosaganiza n'komwe.

"Bwera nayo choncho," adatero amake.

Iye adazengereza, kenaka adawapatsa. Adailandira ndi manja awiri, ndipo adamwa mpaka kumaliza, ngakhale shuga anali wochepa.